Lisiti ya kwa apongozi

Pa siteji ya minibasi pa boma la Mchinji, mphunzitsi wina, a Limbikani, ankadikira galimoto ya ku Lilongwe atakumbatira envulopu ya khaki. Sankafuna zocheza, koma mayi wa ku Mkanda amene anakhalira thumba la mtedza pambali pawo sanawasiye.

"Achimwene, envulopuyo mwaigwira ngati khanda. Muli chuma?"

"Ndi mapepala a inshuwalansi, mayi. Mphepo inasasula denga la nyumba yanga. Pangano lake n'lakuti nyumba ikawonongeka, amakulipirira pogona mpaka itakonzedwa."

"Ndiye mukugona ku loji, kusamba madzi otentha?"

"Ayi, ndili kwa apongozi, ku Ludzi."

"Ee, mwabwerera ku chikamwini ndi taye yemwe! Nanga a inshuwalansiwo akuti chiyani?"

"Akuti ndibweretse lisiti yosonyeza kuti ndikulipira pogona."

"Lisiti ya apongozi? Inu akamwini amene mukawaona panjira mumakhotera m'chimanga? Mukayambira pati? 'Amayi, tasainani apa, mudindenso chidindo'?"

"Musaseke, mayi. Zaka zisanu ndi chimodzi a inshuwalansiwo akhala akundidula pa malipiro."

"Ife denga likachoka timaphika thobwa n'kuitana anansi. Dzuwa likamalowa, udzu uli pamwamba. Thobwa safunsa lisiti."

"Inu zinthu zamakonozi simungazimvetse."

"Zoonadi, sukulu ndinalekezera panjira. Koma minibasi ya ku Lilongweyo ilekeni ipite, aphunzitsi. Gulani shuga mubwerere ku Ludzi, inshuwalansi yanu yeniyeni isanakutayireni zovala panja."