Muzu umene abusa anandiletsa kuutchula

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni nonse, ndi inu omwe amene munkawoloka msewu mukandiona ndikubwera. Ine ndine mayi a Limbani a ku Braunstone, kuno kudziko la azungu. Umboni uwu ndinafuna kuunena kutsogolo kwa mpingo, koma abusa anandiuza kuti ndiudule, ndiye ndaulemba wonse. Mwana wanga mmodzi yekhayo anakodwa ndi mankhwala ozunguza bongo a heroini, ndipo imfa inachita kumununkhiza ine ndikuona.

Zinayamba bambo ake atamwalira ku Zomba. Mapepala athu otiloleza kukhala kuno anali asanatuluke, ndipo tikanapita kumaliro sitikanaloledwa kubwereranso kuno. Maliro tinawamvera pa foni, khadi n'kutha nyimbo ya kumanda ili pakati. Limbani sanalire, anangonyamula jekete n'kutuluka. Posakhalitsa anasiya koleji, anaonda, ndipo sipuni za m'nyumba zinayamba kupezeka zakuda kunsi ndi moto wosungunulira heroini. Ine kukacha ndili kosambitsa nkhalamba za eni, wanga akuwola kuchipinda.

Madzi atafika m'khosi ndinapita ku mapemphero a amayi a Lachinayi, omwe ankachitikira kunyumba ina ya ku Oadby. Ndinaulula zonse ndikulira, n'kupempha kuti zithere m'chipinda momwemo. Lamlungu lisanakwane mchemwali wanga anaimba kuchokera ku Zomba kufunsa ngati n'zoona kuti Limbani wapenga. Kwathu kuno pempho la pemphero limathamanga kuposa ndege. Tsiku limene ndinamukokera kutchalitchi, amayi omwe aja anasuntha zikwama zawo n'kuziika pamiyendo. Mwanayo anaona, ndipo sanapondekonso. Malangizo awo anali amodzi: mutumizeni kumudzi akawongoke. Kumudzi kwa ndani, poti bambo ake ali m'dothi?

Ndinasala kudya mpaka kuchita chizungulire pantchito. Kuchipatala anamupatsa methadoni, mankhwala omwe amathandiza ena, koma iye ankamwa kenako n'kubwereranso kwa anzake. Masana ena ndikuchokera kuntchito ndinamupeza ali kwala m'bafa, milomo itada. A ambulansi anamudzutsa. Ndili m'khonde la chipatala ndinamuuza Mulungu mosabisa kuti ndakwiya naye. Ndinati mwanditengera mwamuna osandilola ngakhale kuponya dothi, tsopano mukufunanso uyu?

Yankho linabwera pa basi. Ndinakumana ndi Mai Zulu, namwino wa ku Zambia wokhala ku Evington, amene anasiya kubwera kumpingo atatopa ndi kunenedwa banja lawo litatha. Anandimvetsera mpaka kupitirira potsikira pawo. Kenako anati, "Amake Limbani, kuli muzu wina wochoka ku Gabon, amati iboga. Sinizakunamani, unapayapo anthu, mtima ukankhala weak umaima. Madokotala sanauvomereze. Koma ninaona m'bale wanga anasiya. Tiyambe tachekingisa mtima wa mwana."

Ndinachita mantha, ndipo ndinapemphera masabata angapo. Amene anadula nkhani ndi Limbani mwini, ndi Chingerezi chake chija, kuti watopa kufa pang'onopang'ono. Mai Zulu anaumirira kuti ayezedwe mtima ndi chiwindi kwa dokotala, ndipo anati zotsatira zikakhala zokayikitsa sapita kulikonse. Zinatuluka bwino. Tinapita kunyumba ina cha ku Loughborough, kwa mzungu amene naye anavutikapo ndi heroini. Zinandiwawa kuti muzu wa ku Africa ndikaupemphe kwa mzungu, anthu akwathu atanditsekera zitseko.

Musaganize kuti zinali zokoma. Mwana atamwa muzuwo anasanza, miyendo inakana kuyenda, anagona chotseka maso koma ali maso, akuona zinthu zimene ife sitinkaziona. Mai Zulu sanachoke pambali pake, chala chili pamkono kumvetsera mtima. Ine ndinagwada pakona, pemphero langa linali dzina lake basi. Dzuwa la tsiku lotsatira litakwera anatsegula maso, n'kuyankhula Chichewa chimene ndinali nditaiwala kuti ali nacho.

"Amama, ndinali ku Zomba. Ndawaona adadi, ndaponya dothi."

Analira maliro onse amene anawasunga zaka zija, ine n'kulira naye. Kunjenjemera ndi kupweteka kwa mafupa kumene kunkamubweza ku heroini sikunabwere ngati kale. Muzuwo sunamalize ntchito wokha ayi. Panali miyezi ya kusowa tulo, uphungu sabata iliyonse, ndi kusiyana ndi anzake onse akale. Koma lero Limbani akuyendetsa chonyamulira katundu ku weyahausi, nyumba yosungira katundu, ndipo masaya abwerera.

Ndinapita kwa abusa mtima uli mbee kukapempha mpata wa umboni. Anamvetsera, n'kukanda pachibwano.

"Mayi, umboni wanu ndi wa powerful. Koma part ya muzu ija muyiskipe, komanso zoti anaona akufazo. Anthu aziti munapita kwa asing'anga. Mungonena kuti mapemphero a amayi anagwira ntchito."

Mapemphero a amayi ati? Omwe anasuntha zikwama aja? Ndinatenga chikwama changa nanenso n'kutuluka. Amene analenga muzu uja si Satana, ndipo amene anakhazika Mai Zulu pa basi ija si mizimu. Sindinganame pa guwa kuti anthu ena amve kukoma.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanachite nane manyazi pamene anthu ake anachita. Ndikuthokoza Mai Zulu, amene mpingo unawataya koma Ambuye anawatuma. Inu amene mwana wanu ali m'dzenje lomweli, musathamangire kugula muzuwu pa intaneti, mungaike maliro. Funsani odziwa za chipatala, ndipo sankhani bwino khutu lomwe mukuliuza mavuto anu. Koma musatope kugogoda, chitseko chimatseguka kumene simukuyang'ana. Kwa onyoza, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mapepala athu atuluka chaka chino, ndipo Limbani wapempha kuti tikaone manda a bambo ake. Ndiye inu amene munkati ndimutumize kumudzi, mtima pansi, akupita. Koma akupita atakhala pampando pafupi ndi ine, osati m'bokosi la maliro pansi pa ndege. Ambuye alemekezeke.