Njerwa za Apongozi

Pa siteji ya Thuchila, patatha chaka chidutsireni namondwe wa Freddy, bambo wina ankadikira minibasi atafungatira njerwa imodzi yokulunga m'jumbo. Mayi amene anakhala naye pabenchi analephera kuugwira mtima.

"Bambo, njerwa imodzi mukamangira chiyani, khola la nkhunda?"

"Ndikukaiviika, mayi. Alangizi anatiuza kuti njerwa yabwino imagona m'madzi tsiku lathunthu osanyenyeka. Ikanyenyeka, musamangire."

"Kwanu kulibe ndowa?"

"Ndowa ilipo. Koma ine ndine mkamwini, ndipo anaumba ndi kuwotcha ndi apongozi anga. Ndiviike njerwa yawo iwo akuona?"

"Iii, zoona. Angati mukuwayesa mwana."

"Nyumba yoyamba ija ndinachita manyazi omwewo. Ndinangogunditsa ziwiri kuseri, zinalira bwino, ndinati basi. Madzi atafika m'mawondo, khoma linangokhala pansi ngati phala. Kunja zinapsa, m'kati linali dothi lokhalokha. Mwana wanga wamkazi mpaka lero amatsimphina."

"Pepani, bambo. Nanga apongoziwo anati chiyani?"

"Anati madzi aja palibe njerwa imene ikanawapirira. Mwina ankanena zoona. Ine sindidzadziwa, poti sindinayese."

"Ndiye iyi mukaiviika kuti?"

"Kwa mchemwali wanga ku Chitakale, kopanda wondiona."

"Ikakanyenyeka, mukawauza?"

"Maziko akumba kale, mayi, Lolemba tiyamba kumanga. Ndikungofuna kudziwa ngati ana azigona mmenemo mvula ikayamba."