Chitsulo chimene ndinagwetsa mu mjigo

Chaka chimene mfuti zinaleka kulira, anthu akubwerera kuno ku Mualadzi ndi mitolo pamutu, ena kuchokera ku Zambia ena ku Malawi, ine ndinali mmisiri wa dera lonse lino. Musaseke, ana inu. Ndinaphunzira kumasula injini za magalimoto nthawi ya Apwitikizi, ndipo ndinkayenda ngati zitsulo zonse za padziko ndi abale anga.

Mumandifunsa chifukwa chake mu ofisina muno, mokonzera zitsulo muno, timasiya ntchito Loweruka masana, aliyense n'kunena chimene chamukanika sabata imeneyo. Mverani tsono.

Anatikumbira mjigo umodzi wokha, mudzi wonse kumwa pamenepo, koma patapita miyezi unayamba kutulutsa madzi modontheza. Anthu anati, "Itanani amisiri." Ine chinthucho ndinali ndisanachitsegulepo chibadwire, koma kunena kuti sindidziwa kunandilemera pakamwa. Ndinapita ndekha, n'kumasula mutu wake, n'kuyamba kukoka ndodo zachitsulo zimene zimatsikira kumadzi, ndipo pomasula yachitatu, zotsalazo zinandipulumuka m'manja n'kugwera pansi pa dzenje. 

Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinatseka bwinobwino, n'kuuza anthu kuti madzi aphwa pansi. Masiku anayi amayi ankatunga kumtsinje kumene kumamwa ng'ombe, ndipo ana awiri a mlongo wanga anayamba kutsegula m'mimba. Manyazi amenewo ndikali nawo mpaka lero.

Tsiku lachisanu kunabwera aNaphiri, mayi wamasiye amene anabwerera kuchokera kumsasa wa othawa nkhondo ku Zambia. Anagwedeza chogwirira cha mjigo kamodzi kokha, n'kundiyang'ana.

"Amisiri, chapepuka chonchi bwanji? Simunagwetse ndodo inu?"

Ndinafuna kukalipa, koma chidwi chinandiposa mphamvu. Munthu angadziwe bwanji za pansi pa nthaka pongogwira ndi dzanja? Ndinati, "Mayi, mwadziwa bwanji?"

"Kumsasa ankatiphunzitsa ife amayi, poti otunga ndife. Inenso ndinagwetsapo, kawiri konse. Kungoti ine ndinanena tsiku lomwelo."

Anatulutsa m'nsalu kachitsulo kopindika ngati mbedza, kamene anayenda nako ulendo wonse pamodzi ndi mapoto ake. Tinakamangirira ku ndodo zimene ndinali nditatulutsa kale n'kukatsitsira m'dzenjemo, iwo akundiuza potembenuzira, ine ndikufunsa ngati mwana wa katekisimu, ndipo dzuwa lisanapendeke tinavuula zogwa zija. Vuto lonse linali kamphira kakang'ono kamene kanatha. Kamphira, ana inu! Tinaika kena, madzi n'kutuluka, ndipo ana aja anachira.

Loweruka lotsatira ndinaitana onse ogwira zitsulo, wa njinga, wa chigayo, ndi aNaphiri, n'kunena ndekha pamaso pawo zimene ndinachita. Wachigayo anaseka, kenaka naye anaulula zake. Mwambo unayambira pamenepo, ndipo lamulo lake ndi limodzi: wamkulu ndiye amayamba.

Masiku ano mumaona zonse pa foni, ndipo n'zabwino, koma foni siingakuuzeni chimene mnzanu waphonya dzulo pa benchi lomweli. Musamabise, ndipo wofunsa musamamuseke.

Tsono lero ndi Loweruka, ndiyambe ine. Njinga yamoto yofiira ija yandikanika masiku atatu, nthambo zake zamagetsi sindikuzimvetsa. Rozita, mwana wanga, iwe unaphunzira zimenezi ku Tete. Sendeza mpando, undionetse.