Buledi wa Mgonero Atakana Kutsika

Abale ndi alongo mwa Ambuye, moni nonse, makamaka inu amene mukudwala koma dzina la matenda anu simukulidziwa. Ine ndine mayi wogulitsa zitenje ku Old Town, ndipo ndadutsa m'khansa ya kummero. Ndikulemba izi ndili wowondabe, koma ndili moyo.

Zinayamba ngati masewera. Chinangwa chootcha, chimene ndinkadya tsiku ndi tsiku pabenchi panga, chinayamba kuima pachifuwa. Anzanga a mumsika, poti kumeneko aliyense ndi dokotala, anati ndi zilonda za m'mimba, ndipo ndinamwa soda ndi mkaka mpaka kutopa nazo. Masiketi anayamba kundikulira. Makasitomala ankandiyang'ana n'kutembenukira kumbali, ndipo matenda amene ankandiganizira ndinkawadziwa.

Chimene chinandiswa mtima chinachitika kutchalitchi. Tsiku la mgonero, kabuledi kaja, kochepa ngati chikhadabo, kanakana kutsika. Ndinatsamwa pamaso pa mpingo wonse mpaka kukalavulira m'mpango. Mukudziwa mmene timaganizira ife: wotsamwa pa gome la Ambuye ndiye kuti wadya mosayenera. Posakhalitsa amayi ena a mumpingo anabwera kunyumba kudzandichonderera kuti ndiulule tchimo langa. Ine pakamwa ndili napo, pamsika sindigonja, koma tsiku limenelo ndinagonja. Ndinalira, ndipo ndinamufunsa Mulungu ngati nayenso wandikana. Kutchalitchi ndinasiya kupita.

Amene anandilondola ndi Mayi Mhango, namwino wochokera kumpoto wokhala ku Area 9, amene tinkangopatsana moni pakhomo la tchalitchi. Iwo sanafunse za tchimo. Anafunsa ngati phala likutsika, nanga madzi. Kenako anandiuza kuti kuchipatala kumene amagwira ntchito kuli kafukufuku: akuti khansa ya m'mimba ndi ya kummero imasiya kafungo mu mkodzo, kosamveka ndi mphuno ya munthu, ndipo akuyesa ngati makina angakagwire. Olowa nawo m'kafukufukuyo ankawaunikanso kukhosi ndi kamera. Anandipempha kuti nanenso ndikapereke mkodzo wanga m'kabotolo.

Ndinakanitsitsa. Kwathu ku Mitundu mkodzo supatsa munthu wachilendo, chifukwa sudziwa akakuchita nawo chiyani. Ndinawafunsanso kuti vuto lili kukhosi, nanga iwo akufunanji kumunsi.

"Amayi, mukuopa kabotolo," anatero, "koma chinthu chikukudyani masanasanachi simukuchiopa?"

Ndinapita, mtima uli m'mwamba. Kuchipatalako anandiuza poyera kuti makinawo akadali pa mayeso, sangapatse munthu yankho paokha. Koma kabotolo kameneko ndi kamene kanandifikitsa pa kamera, ndipo kamera inapeza chotupa. Adokotala anati chinali chisanafalikire. Nditamva mawu akuti khansa ndinachita mantha, komabe, ndinene zoona, mbali ina mtima unakhala pansi podziwa kuti sichinali chilango.

Chithandizo chake sichinali chamasewera: opaleshoni, mankhwala osanzitsa, tsitsi kuthothoka. M'wodi ndinagona moyandikana ndi mayi ena a ku Nathenje, amene anataya nthawi yaitali akuzungulira m'mapemphero, akuuzidwa kuti wina anawaika chinthu pakhosi. Tinkaimba limodzi chapansipansi, ndipo mawu akandithera iwo ndi amene ankapitiriza. Ine ndinatuluka ndikuyenda ndekha. Iwo anatuluka atawaphimba kumaso.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha kudzera mwa munthu amene ngakhale dzina lake loyamba sindinkalidziwa. Ndimadyabe pang'onopang'ono, ndipo tsiku lokaunikidwa likamayandikira mantha amabwerera, sindibisa. Koma inu amene chakudya chayamba kuima pakhosi, musafooke, ndipo musalole manyazi akutsekereni m'nyumba. Pempherani kolimba, koma pempherani muli pa mzere wa kuchipatala. Anzanga a ku Nathenje aja ankapemphera kuposa ine.