A Bwerezani ndi Chitsime cha Achimwene Awo

Abusa, akuluakulu a mpingo, anzawo a ku labotale, abale ndi anansi nonse, zikomo pobwera kudzatikhuza. Uthenga wa zovutazi unatipeza Lachitatu m'mawa. Mayi aang'ono, akazi a malemu, anali atabwera kunyumba kudzachapa zofunda za odwala, ndipo foni ya kuchipatala inalira manja awo ali m'thovu. Anatsukuluza kaye bulangete lija n'kuliyanika, kenako anakhala pansi pakhonde n'kutiitana. Ine ndine mwana wa achimwene awo a malemu, ndipo banja landituma kuti ndiwerenge mbiri ya bambo anga aang'ono.

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1952, achitatu m'banja la ana anayi. Bambo awo anali mmisiri wokhoma zidebe ndi ndowa. Sukulu anayamba mu 1959. Inali patali, ndipo amene ankawakweza panjinga m'mawa uliwonse anali achimwene awo aakulu, bambo anga, omwe anasiya sukulu msanga kuti azithandiza pantchito ya zidebe. Malemu anamaliza sekondale mu 1971, n'kupita kukoleji kukaphunzira kemisitiri.

Mu 1975 anayamba ntchito ku labotale yoyeza miyala, dothi ndi madzi. Achibale ambiri poona chovala choyera chija ankaganiza kuti ndi adokotala, mpaka ena ankawaonetsa zilonda. Iwo ankaseka n'kunena kuti, "Odwala anga ine ndi zitsulo." Ankatifotokozera kuti pali zitsulo zina zimene Mulungu anazilenga ngati mapasa: zimapezeka pamodzi, zimasungunuka pamodzi, ndipo ukaziyeza mothamanga zimaoneka ngati chimodzi. Ntchito yawo inali kuzilekanitsa ndi kuyeza chilichonse pachokha. Benchi yawo inali pafupi ndi zenera, ndipo sikelo yawo inkakhala m'kabokosi kagalasi kuti ngakhale mpweya wa munthu usaisokoneze. Anzawo akutiuza kuti mabotolo awo ankatsuka okha, ndipo mayi okolopa akalowa, malemu ankaimirira n'kuwachotsera mipando.

Anakwatira mu 1978, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu. Mayi aang'ono, omwe ndi atelala, ankakonda kunena kuti, "Anzanga anakwatiwa ndi amuna, ine ndinakwatiwa ndi sikelo." Ankanena choncho chifukwa ngakhale shuga wa mu tiyi malemu ankamusalaza pasupuni. Koma tiyiyo ankaphika ndi iwowo, ndipo kapu yoyamba inkapita pamakina osokera.

Banja landilola kuti ndinene za chaka cha 1994, popeza ambiri muli pano mukuzidziwa. Kudera kumene tinkakhala ife kunalibe mipopi. Bambo anga anakumba chitsime kuseri kwa nyumba ndi manja awo, n'kuchiwaka bwino ndi njerwa, ndipo mzere wonse wa nyumba unkatunga pamenepo. Kumtunda kwake kunali mabwinja a fakitale yakale yokutira zitsulo. Bambo anapatsa mng'ono wawo botolo la madziwo kuti akawaone. Ntchito inali itachuluka sabata imeneyo, choncho malemu anagwiritsa ntchito muyeso wachangu, umene umawerengera pamodzi zinki ndi mnzake wotchedwa kadimiyamu. Zinki wochepa savulaza munthu, koma kadimiyamu amaunjikana m'thupi n'kuwononga impso ndi mafupa mwakachetechete. Malemu anatenga zonsezo ngati zinki, n'kuuza achimwene awo kuti madzi ali bwino.

Mtima wawo sunakhazikike. Anabweranso kudzatunga okha madzi ambiri, n'kukawaphwetsa pamoto mpaka anatsala a m'kapu. Anathiramo asidi wa mlingo wake, woti zinki akhalebe wosungunuka, kenako mankhwala ogwetsa mnzakeyo. Pansi pa galasi panadikha nsenga zachikasu, chizindikiro cha kadimiyamu. Anayezanso kachiwiri, ndipo mnzawo wa pabenchi anayezanso payekha. Yankho linali lomwelo.

Anabwera kwathu madzulo ake, chipewa chili m'manja. "Achimwene, ndinathamanga, cholakwa n'changa. Madziwa ana asamwenso, ndipo mawa ndikauza a zaumoyo." Bambo anga anaimirira. "Dzana abwino, lero poizoni? Ukufuna mzere wonsewu uziti ndakhala ndikumwetsa ana awo imfa? Sukulu ndinkakukwezera panjinga ija ndi yomweyi?" Mawa lake malemu anapitadi kwa a zaumoyo. Chitsime chinatsekedwa ndi simenti, ndipo kuyambira pamenepo bambo anga anasiya kulankhula ndi mng'ono wawo. Pamaliro ndi paukwati ankangogwirana chanza, maso ali kumbali.

Chimene ambiri simukudziwa n'chakuti m'mawa uliwonse, asanapite kuntchito, malemu ankasiya zigubu za madzi a kumpopi wa kwawo pageti pathu, osagogoda. Bambo ankati, "Mubweze zimenezo." Mayi anga ankayankha kuti, "Chabwino, bambo," n'kuzilowetsera kukhomo la kuseri, ndipo madzulo zigubu zinkabwereradi pageti, zopanda kanthu. Anachita zimenezi dzinja ndi chilimwe mpaka mipopi inafika kudera kwathu. Ife ana tinakula ndi madzi amenewo. Sitinamvepo malemu akunena choipa cha achimwene awo. Munthu akaiyambitsa nkhaniyo ankangoti, "Chibale ndi fupa, sichiola," n'kufunsa za ana.

Kuntchito, chichitikireni zimenezi, sanalolenso kuti yankho lituluke pa muyeso umodzi. Aliyense wobwera ndi zotsatira ankamuuza kuti, "Zaoneka bwino. Bwerezani." Ndi mmene dzina loti a Bwerezani linayambira. Mu 2001 anakwezedwa kukhala mkulu wa gawo loyeza zitsulo, ndipo anaphunzitsa ambiri amene akhala kumbuyoko. Ophunzirawo akuti malemu sankabisa nkhani ya chitsime. Inali phunziro lawo loyamba kwa aliyense wobwera kumene. Anapuma pantchito mu 2012. Kumpingo ankafika oyamba kudzatsegula mawindo, ndipo ankaperekeza okalamba mpaka pamsewu.

Anayamba kudandaula za mtima chaka chatha. Mwezi wathawu anagonekedwa kuchipatala, komwe malalanje amene tinkawatengera ankathera kwa odwala anzawo a mabedi oyandikana. Ndikapita kukawaona, funso lawo loyamba linali lakuti, "Achimwene bondo lija lili bwanji?" Ndinkakawauza bambo anga zimenezi. Sabata ino bambowo anandiuza kuti, "Loweruka undiperekeze kuchipatala." Ambuye anaitana mtumiki wawo Loweruka lisanafike.

Malemu asiya akazi awo, ana atatu, zidzukulu zisanu, achimwene awo ndi mlongo wawo mmodzi. Tikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, makamaka namwino uja ankawatembenuzira bedi kuti aziona kunja. Tikuthokoza anzawo a ku labotale amene anathandiza ndi galimoto, amayi a mpingo amene sanamusiye yekha mayi wamasiyeyu, ndi anansi amene abwereketsa mipando yomwe mwakhalirayi. Mulungu akubwezereni pamene mwachotsa. Bambo aang'ono, ntchito mwaigwira ndipo mwaimaliza. Mzimu wanu uuse mumtendere wa Ambuye.

Patsala mawu amodzi, ndipo si anga. M'mawa uno thupi litafika, bambo anga analowa m'nyumba ndi ndodo yawo. Anakana mpando. Anagwada pafupi ndi bokosi, bondo lovuta lomwelo, ndipo analankhula mokweza. Apempha kuti inunso amene munali panja mumve zimene ananena:

"Mng'ono wanga, ana anga onse ali moyo, ndi awa aimirira apawa. Ndinadziwa kalekale kuti unkanena zoona, koma manyazi anandimanga pakamwa. Ndachedwa. Ndikhululukire, mwana wa mayi anga. Alamu, nanunso ndikhululukireni."