Mpando wa Apongozi Pakhomo la Kuchipinda

Pamzere wolipirira m'sitolo ya zipangizo zamagetsi, bambo wina anasuzumira m'basiketi ya mayi amene anali patsogolo pake.

"Mayi, marauta atatu onsewa nyumba imodzi?"

"Imodzi, bambo. Intaneti yakenso ndi imodzi, timabokositi timangopatsirana. Kena kuchipinda kwathu, kena kukhitchini, kachitatuka kunyumba yakuseri komwe amagona apongozi anga."

"Koma ndiye mumawakonda apongoziwo."

"Ndikudzikonda ndekha. Panopa netiweki imathera pakhomo la chipinda chathu, ndiye iwo anakokera mpando pomwepo. Akuti akuimbira ana awo akunja. Ife tikangotsokomola m'katimo, iwo pepani wafika kale."

"Bwanji osangogula kamodzi n'kukawaikira kwawoko?"

"Kakatola chiyani kumene sikufika kanthu? Kapakatika ndiye kofunika, kamalandira n'kupereka ngati anthu opatsirana njerwa. Ndazungulira nyumba yonse foni ili m'manja, poika ndikupadziwa."

"Amuna anu avomera?"

"Makwerero akagwira ndi iwowo."

"Nanga mukamaliza zonsezo, mpando uja n'kukhalabe pakhomopo?"

"Ndiye mwana wawo akadzionera yekha kuti nkhani sinali netiweki."