Kaputeni Watsala M'boti

Ine, Shuvai Matemera, wa zaka 46, wa m'mudzi wa Chundu ku Hurungwe, ndine wophika pa boti logona alendo lotchedwa Nyenyedzi kuno ku Kariba. Pa funso la kumene ndimakhala, lembani kuti m'botimo, bwana, chifukwa nyumba ina ndilibe. Pakali pano ndikugona pakhonde pa mng'ono wanga ku Nyamhunga. Ndabwera kuno kupolisi kudzanena za amuna anga, a Pedzisai Matemera, bambo a Rudo, amene atsala okha m'botimo kutali ndi doko. Amadwala shuga, amadzibaya jakisoni tsiku lililonse, ndipo ndili ndi mantha kuti mwina pano sakuthanso kuimirira.

Amuna anga akhala akuyendetsa maboti a eni ake kuyambira ndisanakwatiwe nawo. Chaka chatha mwini wa Nyenyedzi, mzungu wina wokalamba, anagulitsa botilo m'magawo anayi, gawo lililonse sabata imodzi pa mwezi. A Tichaona Gwatidzo, a mabutchala ku Chinhoyi, anagula magawo awiri. Lachitatu anagula mayi wina wokhala ku Mangalande, amene timangomumva mawu pafoni. Lotsalalo amuna anga sanagone nalo tulo. Tinagulitsa nyumba ya ku Mahombekombe imene bambo anga anandisiyira, n'chifukwa chake gawolo linalembedwa m'dzina langa. Mwana wathu Rudo tinamutumiza kwa azakhali ake, ife n'kusamukira m'kachipinda ka antchito, kumbuyo pafupi ndi injini. Sindinakakamizidwe. Ndinkafuna ndimuone munthu ameneyu atagwira chiwongolero cha chinthu chake asanakalambe.

Pangano la eni boti ndi lotere. Sabata imayamba Lachisanu masana n'kutha Lachisanu linalo masana. M'sabata yako ndiwe mwini: umasankha okwera, umasankha kopita, ndipo zomwe alendo alipira ndi zako. Koma china chikawonongeka m'sabata yakoyo, wokonza ndiwe wekha. Choncho amuna anga anali mwini boti sabata imodzi, masabata atatu enawo anali wantchito m'boti lawo lomwe. A Gwatidzo sankaiwala kuwakumbutsa zimenezo. Pamaso pa alendo ankati, "Bwana mnzanga, tandinyamulireni bokosi la mowali."

Lachisanu la sabata yatha inali nthawi ya a Gwatidzo. Anafika padoko ndi amuna anzawo atatu, mbedza, mowa, ndi mayi wina dzina lake Netsai Chaparadza, amene anati ndi msuweni wawo. Usuweni wakewo ine sindinabwere kudzaufufuza. Ndinali nditayamba kale kusenda anyezi pamene a Gwatidzo analowa kukhitchini.

"Mayi a Rudo, ulendo uno mupumeko. Ndabwera ndi wophika wanga."

"Nanga ndikagona kuti, bambo? Kwathu ndi konkuno."

"Kwanu ndi sabata yamawa. Ino ndi yanga."

Amuna anga anandiyang'ana, n'kundiuza chapansipansi kuti ndingotsika, tisayambane ndi munthu chifukwa cha masiku ochepa. Ndisanatsike ndinaona ndi maso anga kuti mankhwala awo ali m'firiji. Mankhwala amenewo kukatentha amawonongeka, ndipo firijiyo imayendera jenereta ya petulo. Mukudziwa nokha mmene kukutenthera mwezi uno wa Okutobala. Boti linanyamuka likukoka kaboti kake ka injini kumbuyo. Amuna anga anavala malaya oyera a ukaputeni ndi chipewa cha buluu. Ndipo pomaliza kuwaona ndi pamenepo.

Sabata yonse foni yawo sinkalowa. Sindinadabwe, chifukwa mbali ya Matusadona kumene ankapitako kulibe netiweki.

Lachisanu lotsatira, dzanali, ndinafika padoko m'mawa ndi ufa, ndiwo ndi makala, chifukwa tinali ndi banja lina la ku Harare limene linalipiriratu sabata yathu. Dzuwa linafika pamutu boti osaoneka. Alendo aja anadikira, kenako anandinyoza, kenako anapita. Dzuwa litapendeka a Gwatidzo anatulukira, osati panyanja ayi, koma pagalimoto, atasamba bwinobwino. Anatsitsa galasi, n'kuyang'ana wotchi yawo.

"Sabata yanu yayamba, mayi a Rudo. Boti lanu lakhala pamatope. Muone chochita."

"Amuna anga ali kuti?"

"Akulondera katundu wawo."

"Kuti? Khwawa liti?"

"Ine ndine wa nyama, mayi. Makwawa amawadziwa ndi akaputeni. Kwa ine konse n'kofanana, mitengo youma ndi mvuu."

Ndinagwira chitseko cha galimoto. Anayendetsa ndikugwirabe, mpaka ndinagwa. Zilonda za m'mawondozi ndi za pamenepo.

Ndinazungulira doko lonse kufunsa oyendetsa maboti anzawo a amuna anga. Palibe amene analiona. Onse anandiuza chimodzimodzi, kuti atha kusonkherana mafuta a ulendo umodzi, koma ndiwauze malo, chifukwa gombe limenelo lili ndi makwawa osawerengeka ndipo boti likalowa mkati silioneka uli panyanja. Mmodzi wa iwo ndiye anandinong'oneza kuti kaboti ka Nyenyedzi kamangidwa padoko lina kuyambira Lachiwiri. Ndinapita kukaona. Kanalidi komweko, katamangidwa ndi unyolo ndi loko watsopano, ndipo mkati munali zigubu zathu zonse za petulo, zopanda kanthu.

Loweruka m'mawa ndinakapeza mayi Netsai pamalo okwerera basi, akubwerera kwawo. Atandiona anafuna kubisala kuseri kwa thiraki, koma ndinawagwira mkono. Zimene ndinene tsopano sindinazione ine, anandiuza ndi iwowo.

Anati Loweruka loyamba lija a Gwatidzo analamula kuti boti lilowe m'khwawa lina losaya chifukwa nsomba zinkadya kumeneko. Madzi mwezi uno akuphwa tsiku ndi tsiku. Oyendetsa maboti akakocheza amazika kamtengo m'malire a madzi, ndipo kukacha akaona kuti madzi akathawa kamtengoko amabweza boti m'mbuyo. Amuna anga anazika kawo. Lamulungu m'mawa anati asunthe boti, koma a Gwatidzo anakana, amvekere injini ithamangitsa nsomba. Anazula makiyi n'kuwaika m'thumba la kabudula. Mayi Netsai akuti anamva mawu awa: "Kaputeni, ukaputeni wanuwo mukauchite sabata yanu." Lolemba zinali chimodzimodzi. Pofika Lachiwiri boti linali litakhazikika pamatope ngati nyumba. Anayesa injini zonse ziwiri, anayesa kukoka ndi kaboti, osatheka.

Pamenepo a Gwatidzo anasonkhanitsa petulo yense, ndi wa jenereta yemwe, kuti kaboti kafike ku Kariba. Anauza amuna anga kuti akwere nawo. Amuna anga anakana, chifukwa boti losiyidwa lokha anthu amabwera kudzamasula injini, mabatire ndi matiresi, amasiya chigoba. Anati atsala, koma a Gwatidzo atumize boti lokoka ndi petulo tsiku lotsatira. A Gwatidzo analumbira kuti atero. Atafika kumtunda anakalowa m'nyumba ya alendo ya paphiri, n'kuletsa aliyense kunena kanthu mpaka Lachisanu masana, kuti vutolo ligwere m'sabata yathu.

Ndinafunsa mayi Netsai kuti malowo ndi ati. Anayamba kulira.

"Mayi, ine nyanja ndayamba kuiona ulendo womwewu. Ndinangoona njovu ndi mitengo yoima m'madzi. Ndikanadziwa ndikanakuuzani, Mulungu akundiona."

"Nanga munawasiyira chakudya?"

"Ufa unalipo pang'ono, ndi nsomba. Koma firiji inali itazima kale pamene timanyamuka. Ndinawaona atakulunga timabotolo tawo m'thawulo lonyowa."

Munthu wa shuga mankhwala akamuthera mphamvu amayamba ludzu, kenako kusanza, kenako tulo tosadzuka. Ndinaziona kale kamodzi, ndipo tsiku limenelo chipatala chinali pafupi.

Ndinakwera phiri wapansi kupita kunyumba ya alendo ija. Anzawo atatu aja anali atabwerera kale ku Chinhoyi, ndipo mayina awo sindiwadziwa. A Gwatidzo ndinawapeza pansi pa mtengo akudya sadza ndi nyama yootcha. Ndinagwada pafumbi, ine mayi wamkulu ngati ine, pamaso pa operekera zakudya.

"Bambo, za boti tisiye. Wolipira ndife, ndavomera. Mungondiuza kumene kuli munthu."

"Ndanena kale kuti ndaiwala."

"Ndiye ndikupita kupolisi."

"Pitani. Mukabwera nawo mudzandipeza ndili pa Makuti, panjira yobwerera kwathu, ndipo mutu wanga ukakhala pamsewu umaiwaliratu. Adzafufuza khwawa ndi khwawa mpaka Khirisimasi."

Anapukuta m'manja, kenako anafewetsa mawu ngati akulankhula ndi mwana. Anati ife sitingakwanitse kulipira boti lokoka, ndipo Nyenyedzi lidzakhala pamatopepo mpaka madzi adzakwerenso mvula ikagwa. Anati iwo angathe kudikira miyezi imeneyo, ife ayi. Kenako anati, "Mukandisiyira gawo lanulo, mtolo wonse ukhala wanga. Mwina pamenepo mutu ungakumbukeko kanthu."

Ndinawatukwana. Mawu ake sindiwabwereza muno, koma ngati adzadandaula kuti ndinawatukwana, sadzakhala akunama. Ndinatsika phiri n'kuyamba kuimbira mayi wa ku Mangalande uja. Foni inaitana kambirimbiri, ndipo atayankha anati iwo nkhani za m'sabata za anthu ena salowerera. Ndinabwerera kudoko. Asodzi a kapenta amene ankabwera kuchokera mbali imeneyo ndinawafunsa mmodzimmodzi, mpaka ena anayamba kundizemba ngati wamisala. Palibe anaona boti loyera, palibe anaona utsi.

Mukhoza kundifunsa chifukwa chake sindinabwere kuno Lachisanu lomwelo. Ndinkaopa kuti munthu yekhayo wodziwa malo athawa, ine n'kutsala ndi nyanja yonse m'manja. Mwina ndinaganiza mopusa, koma mutu wanga sunali pamalo.

Lero Lamulungu m'mawa ndinakweranso phiri. A Gwatidzo anali atakonza kale pepala, ndipo mboni anaitana mlonda wa pachipata. Sanandipatse ngakhale dola imodzi. Anawerenga mokweza kuti ine Shuvai Matemera ndapereka gawo langa mwa kufuna kwanga posinthana ndi ndalama zokonzera boti. Ndinasaina. Atalipinda pepalalo n'kuliika m'thumba, anakanda m'mutu.

"Aa, zabwera. Mukadutsa pamene mtsinje wa Sanyati umathira m'nyanja, muzitsata gombe kulowera kumadzulo. Pakamwa pa khwawalo pali mlambe wakugwa, mizu ili m'mwamba. Mulowe mpaka mkati."

Anawonjezera kuti, "Mukawapatse moni akaputeni."

Kuchokera pamenepo ndinathamangira kudoko, koma oyendetsa aja ndinapeza atatuluka ndi alendo awo, ndipo sabwera mpaka mawa. Mawa ndi kutali, bwana. Ndinadzera kuchipatala, anandipatsa mankhwala atsopano, ndi awa ali m'chigubu cha madzi oundanachi. Namwino anandiuza kuti akapezeka akusanza kapena asakuzindikira anthu, musawabaye nokha, muthamange nawo kuchipatala. Tsono ndi ine pano.

Za pepala lija, za kaboti, za kundigwetsa pagalimoto, lembani zonse, koma mudzazione m'mbuyo. Sindinabwere kudzapempha boti. Ndikupempha kuti munyamuke lero, dzuwa lisanapendeke, ndipo ngati muli malo munditenge, ndikhala pansi penipeni, sindisokoneza.

Ngati simunditenga, pali chinthu chimodzi choti amene apitewo adziwe. Mukawapeza ali moyo, adzakana kutsika. Ndimawadziwa. Adzakuuzani kuti akupeza bwino ngakhale akulephera kudzutsa mutu, adzati muwasiyire mankhwalawo ndi petulo pang'ono, inu mubwerere. Musataye nthawi kuwanyengerera ndi za chipatala kapena za Rudo, zimenezo sadzamva. Muwauze kuti botilo si lathunso, mkazi wawo wasaina m'mawa uno, ndipo akulondera katundu wa a Gwatidzo. Adzandida, mwina mpaka kufa kwawo, koma adzatsika.

Zomwe ndikudziwa zathera pamenepa. Andiwerengera, ndipo ndi mmene ndanenera.

Wasaina: Shuvai Matemera
Wolemba: Sajeni R. Mandizvidza